Mvula ya M'kheni

Mwamuna wanga sanali mfiti, tiyambire pamenepo, chifukwa ndikudziwa zimene mumamva kumjigo. Ena amati a Gwaza anali ndi chizimba chopezera madzi, ena amati anapangana ndi zapansi. Mabodza okhaokha. Anali munthu wokumba zitsime basi, wamfupi, wamapewa otambalala, wosakonda kuyankhula, ndipo ine Nankhoma ndinawagwirira chingwe zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sonkhezerani motowo ndikuuzeni mmene zinayendera, poti amene anaona ndine.

Ntchito yathu inali yotere. Iwo ankatsika ndi piki yaifupi ndi fosholo yodula mpini. Ine ndinkatsala pamwamba, pamtanda wopukusira chingwe, kukweza ndowa ya dothi, kukhuthula, kutsitsanso. Akagwedeza chingwe kamodzi ndiye kuti ndowa yadzaza. Akagwedeza katatu ndiye kuti ndiwakweze iwo eni ake, msanga, osafunsa. M'zaka zonsezo chizindikiro chimenechi ndinali nditachimva masiku awiri okha: tsiku lina mpweya unawathera, tsiku lina m'dzenjemo munagwera njoka.

Chitsime amakumba dzuwa likuswa mtengo, chifukwa madzi ukawapeza mu Okutobala ndiye kuti ndi enieni. Koma chimafunika chithe, chimangidwe ndi njerwa mkati, mvula isanagwe. Dothi la kuchigwa kuno ndi makande pamwamba, mchenga pansi, ndipo likanyowa silichenjeza munthu.

Wokumba zitsime aliyense amawadziwa achule ogona. Ukakumba mkono umodzi kapena iwiri pafupi ndi dambo louma, umapeza kamphako kosalala, mkati mwake muli chule wamkulu uja timati thesi, atadzipinda, maso ali otseka, atadzikuta ndi chikhungu chouma ngati khoko la chimanga. Amalowa pansi madzi akamauma, namagona miyezi yonse ya chilimwe osadya, osamwa, kudikira kumva mvula ikugunda dothi pamwamba pake. Lamulo limene a Gwaza anaphunzira kwa amalume awo linali lakuti wogonayo sadzutsidwa. Umamunyamula ndi dothi lake lomwelo, kukamukwirira pamthunzi, n'kumuuza kuti, "Gonani, nthawi sinakwane." Anthu odya achulewa amawagwira mvula itagwa, atatuluka okha n'kuikira mazira. Ndinawaona a Gwaza akusamutsa ogonawo kambirimbiri, mosamala kuposa mmene ankandigwirira ine.

Tsono pakamwa pangapa ndi pamene panayambitsa zonse. Tinali titakumbira anthu zitsime midzi isanu ndi iwiri, koma pakhomo pathu panalibe. Ine ndinkasenza ndowa kuchokera kumjigo wa kusukulu, amayi anzanga akundiseka kuti mkazi wa mmisiri wa madzi akufola pamzere ngati wina aliyense. Ndinawalongolola a Gwaza mpaka anatopa. Chaka chimenecho anakana ntchito za anthu, nayamba kukumba kuseri kwa nyumba yathu, pafupi ndi mtengo wa mtondo. Ndinakondwa, sindibisa.

Chinali chaka choipa. Mbuzi zinali zitatha, nkhuku chitopa chinasesa, ndiwo zinali mfutso m'mawa, mfutso madzulo. Nkhuli inandigwira koopsa, ndipo pamene ndinasiya kulongolola za chitsime ndinayamba kulongolola za ndiwo. Tsiku lina madzulo a Gwaza anatuluka m'dzenje, nandiuza kuti nditenge kheni yothirira kudimba ndi ndowa ziwiri za madzi. Iwo anasenza lata lakale limene linali pakhola. Tinapita kudambo.

Iwo ankadziwa poyang'ana ming'alu. Anagoneka lata paja pamiyala inayi, pamwamba pa ming'aluyo, nandiuza kuti ndiimirire ndizithira madzi ndi kheni, pang'onopang'ono, osalekeza. Iwo anagwada n'kumagogoda latalo ndi zala. Ndikukuuzani, ukanatseka maso ukanalumbira kuti mvula yoyamba yafika. Madzi ankatsetsereka m'mphepete n'kumalowa m'ming'alu, ndipo fungo lija la dothi lonyowa linatuluka.

Tinadikira nthawi yaitali, ndowa yoyamba mpaka kutha. Kenako dothi linayamba kutukumuka. Anatuluka mmodzi, chikhungu chija chitang'ambika, chikulendewera kukamwa kwake, maso akadali ndi nkhungu. Anayang'ana kumwamba, napeza nyenyezi yoyamba ili ngwee. A Gwaza anamukhoma ndi mpini. Anatuluka wina, ndi wina, mpaka asanu ndi anayi. Palibe amene anathawa kapena kuluma, chonsecho thesi ndi wolusa, ali ndi mano, amatha kukung'amba chala. Ankangokhala pafumbipo ngati anthu oitanidwa kumsonkhano umene kulibe.

Womaliza anali wamkulu ngati mbale. Anangotulutsa mutu wokha. Sanayang'ane kumwamba ngati anzakewo, anayang'ana kheni imene inali m'manja mwanga, kenako a Gwaza, nabwerera pansi chafutambuyo. A Gwaza anakumba pamenepo ndi fosholo mpaka m'mawondo koma sanapeze kanthu, ngakhale kamphako kake. Tinabwerera kunyumba. Ndiwozo ndinaphika ndine, ndipo ndinadya mpaka kunyambita zala, ndinene zoona.

Panapita masiku atatu. Tsiku lachinayi masana ndinali nditayanika ufa pamphasa, ndili m'nyumba. Ndinamva madontho padenga, amodziamodzi, kenako anachuluka. Ndinathamanga kuti ndikaanule ufa, ndinapeza kunja dzuwa lili phwee, kumwamba kopanda ngakhale kamtambo. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anali pakhonde akusenda nthochi. Nditawafunsa ngati anamva kanthu, anandiyang'ana ngati ndalawa kachasu.

Madzulo ake kheni inasowa pamsomali pomwe tinkaipachika. Ndinafunafuna, ndinatukwana ana a eni ake osalakwa. M'mawa a Gwaza atatsika m'dzenje anagwedeza chingwe kamodzi, ndipo nditakweza ndowa ndinapeza muli kheni ija, yonyowa, ikudontha. Dzenjelo linali louma gwa, madzi tinali tisanawafike. Ndinawafunsa mofuula kuti yalowamo bwanji, iwo anangoti ndikhuthule msanga nthawi ikutha.

Mtsuko wa madzi akumwa unayambanso zake. Ndinkaudzaza madzulo, m'mawa n'kuupeza uli pakati, wosabooka, chivundikiro chili pomwepo. Pansi pambali pake pankakhala ponyowa mozungulira, malo okwana kukhalapo munthu.

Sabata yomweyo ndikuchokera kumjigo ndinakumana ndi mayi wina pamphambano ya njira ya kudambo. Ndinali ndisanamuonepo m'mudzi muno. Anali atanjuta pansi, mawondo m'mwamba, atafunda chitenje chotuwa ndi fumbi mpaka kumutu. Khungu la manja ake linali lofundukafunduka. Ndinamupatsa moni.

"Kodi yabwera?" anandifunsa.

"Yabwera chiyani, mayi?"

"Mvula. Tinamva ngati yabwera. Tinadzuka tonse."

Ndinamuuza kuti mvula ikadali kutali, mwina kumapeto kwa Novembala. Khosi lake linkagundagunda pansi pa chibwano. Kenako anapempha madzi. Ndinatula ndowa n'kumutungira m'chivundikiro. Sanamwe. Anawathira pansi pakati pa miyendo yake, nasendera n'kukhala pamatopepo, maso ali otseka. Ndinasenza ndowa yanga, ndipo sindinatembenuke mpaka ndinafika pakhomo. Theka la madzi linali litathera pamsana.

A Gwaza sindinawauze, chifukwa tsiku lomwelo iwo anali ndi zawo. Titangoyamba ntchito masana, chingwe chinagwedezeka katatu. Ndinapukusa mtanda ndi mphamvu zanga zonse. Anatulukira maso ali pamtunda, akupuma movutika, akufunsa chifukwa chimene sindinawachenjeze kuti mvula yayamba. Anati amamva ikugunda pansi ponse, ndi mabingu omwe, makoma a dzenje akunjenjemera. Atayang'ana kumwamba anangokhala pamulu wa dothi, manja ali m'mutu.

Tsiku lotsatira zinachitika kawiri. Linalo kanayi. Anthu anayamba kubwera kudzaonerera mmisiri wa zitsime akuthawa mvula dzuwa likuwala, ndipo wina anaponya mawu akuti chule anadabwa m'madzi muli mwake. Anaseka onse. A Gwaza anali munthu wosakonda kusekedwa. Usiku umenewo anandiuza kuti akudziwa amene akuchita zimenezi ndi chifukwa chake, ndipo sadzapusitsidwanso. Anati ngakhale amve chigumula, chingwe sagwedeza. Ine ndinati tisiye dzenjelo, tilikwirire, ndizikatunga kumjigo mpaka imfa yanga. Anandiyang'ana nati walira mvula walira matope, chitsime ndinachifuna ndine ndipo ndichilandira.

Kwa masiku ambiri otsatira chingwe sichinagwedezekenso katatu. Koma phokosolo silinawasiye. Linkawatsatira m'nyumba, kubafa, panjira. Usiku ankadzuka n'kukatsegula chitseko, kutseka, kugona, kudzukanso. Ine ndinkalimva mwa apo ndi apo, iwo ankalimva nthawi zonse. Kenako anandiuza kuti malo amodzi okha amene limamveka patali ndi pansi penipeni pa dzenje, akatsamira khoma. Anayamba kutsika kusanache, kutuluka kutada. Chakudya chimene ndinkawatsitsira m'ndowa chinkabwerera chosakhudzidwa. Madzi okha ankalandira, koma botolo linkabwera lopanda kanthu msanga kwambiri, ndipo akatuluka ndinkaona buluku lawo lili lonyowa ndi matope.

Dothi lobwera m'ndowa linasinthanso. Dzenje linali litafika mamita khumi ndi limodzi, ndipo dothi la pansi pamenepo ndinkalidziwa, mchenga woyera. Koma tsiku ndi tsiku ankanditumizira mchenga womwewo, wosasintha mtundu, chingwe chosatalika. Ndinagona chafufumimba pakamwa pa dzenje, ndinawalitsira dzuwa pansi ndi kagalasi. Sindinawaone. Ndinangoona mdima kumbali imodzi ya khoma. Anali atasiya kukumba chotsika, akukumba cham'mbali, chinthu chimene iwo eni ankati wokumba zitsime akachita ndiye kuti wadzikumbira manda.

Lachiwiri lina sanatuluke n'komwe. Ndinaitana mpaka mawu anasasa. Anayankha kamodzi kokha, mawu aulesi ngati a munthu wodzutsidwa pakati pa tulo, kuti ndiwasiye apumule, atuluka nthawi ikakwana. Ndinagona pamulu wa dothi, dzanja lili pachingwe.

Kutacha ndinapita kutsidya kukaitana mlamu wanga Chikaiko, mng'ono wawo wa a Gwaza, munthu wamphamvu amene ankanyamula matumba kumsika. Anabwera akuseka, nati achimwene ake angofuna kuthawa mkazi wolongolola. Anatsika ndi tochi, akuponda m'timapondero timene a Gwaza ankasema m'khoma. Anakhala pansipo nthawi yochepa. Potuluka kuseka kuja kunali kutatha. Anakhala pansi n'kupempha madzi, ndipo ndinachita kumukoka mawu.

Anati alimo, m'phanga lam'mbali, atadzipinda, mawondo ali pachibwano, akupuma pang'onopang'ono. Anati anawagwira mkono kuti awakoke, koma anali olemera ngati amera mizu, ndipo khungu linatsalira m'manja mwake, lopyapyala, louma. Ndinamufunsa ngati anayankhula. Anati inde, anafunsa ngati yabwera. Ndinamufunsa china chimene anaona. Anayang'ana kumbali nati khoma la phangalo lili ndi timaenje tambirimbiri, ndipo atawalitsamo tochi anaizimitsa msanga.

Komabe magazi ndi magazi. Chikaiko anati atsikanso ndi chingwe chachiwiri, akawamange m'chiuno, tiitane amuna anayi adzakoke. Anapita pamtanda, nagwira chingwe. Pachingwepo panali kachule kakang'ono kakuda, konyezimira, kamizere yofiira m'mbali, kamene kamabisala m'zipika zowola ndi m'ziulu. Kachule kameneka sikadumpha, kamayenda, ndipo sikathawa munthu chifukwa kamadziwa zimene kali nazo pakhungu. Iye anakaphwanyira m'dzanja osakaona, dzanja lomwe linali ndi bala la timapondero tija. Sipanapite nthawi dzanja linatupa mpaka m'chigongono, likutentha ngati moto, mtima ukuthamanga, mpweya ukubanika. Anamutengera kuchipatala panjinga. Anachira patapita masiku, koma pakhomo pathu sanapondeponso chaka chimenecho.

Zimenezi zitamveka, palibe mwamuna m'mudzi muno amene analola kukhudza chingwe chija. Ndinagwada m'makomo mwa anthu amene amamwa madzi a zitsime za a Gwaza mpaka lero. Aliyense anali ndi msana wopweteka kapena ulendo wofulumira. Akumpingo anabwera, naimba nyimbo ziwiri ataima patali, napita. Njira yodutsa kuseri kwa nyumba yathu anthu anaisiya, inayamba kumera zitsamba. Ndinatsala ndekha ndi dzenje.

Sindikanatha kuchoka. Ndikapita kumjigo ndinkathamanga, poopa kuti agwedeza chingwe ine kulibe. Kumunda sindinapite, anzanga akumaliza kugalauza. Ndinasamutsira mphasa yanga pansi pa mtondo. M'mawa uliwonse ndinkaitana, ndipo pakapita nthawi mawu aja ankabwera, ofooka kuposa dzulo, koma amoyo. Ine ndinali pamwamba, mphepo ikundiwomba, koma ndinali womangika ngati mbuzi ya pachikhomo.

Ndipo zizindikiro zinayamba. Novembala ali pakati, kutentha kunafika poti nkhuku za eni ake zinkayenda zitayasama. Madzulo mitambo inkaunjikana kumapiri. Achule aja timati afinye anayamba kutuluka m'mizere ya m'munda, akuyenda mwaulesi atadzitukumula. Pa nthambi ya mtondo, pamwamba penipeni pa dzenje lathu, ndinapeza thovu loyera lalikulu ngati chibakera, la achule aja a m'mitengo amene amaikira mazira pamwamba pa malo oti padzakhala thamanda, kuti ana awo akaswa agwere m'madzi. Achule amenewo salakwitsa. Ndinaliyang'ana thovulo ndipo ndinalira, chifukwa ndinadziwa kuti iwo akuona dziwe pamene ine ndikuona mwamuna wanga.

Ndinawauza a Gwaza zonsezi. Ndinawauza za mitambo, za afinye, za thovu. Anati yabwera kodi? Ndinati ayi, koma ili pafupi. Anati ikabwera ndiwauze.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo musandiweruze musanagone sabata ziwiri pakamwa pa dzenje. Ndinaganiza kuti ngati akudikira mvula, ndiwapatsa mvula. Ndinatenga lata lija. Ndinatenga kheni. M'mawa dzuwa lisanakwere ndinavundikira dzenje ndi latalo kuti pansi pade, ndinayamba kuthira pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira iwo eni, madzi akudonthera mkati. Ndinafuula kuti yabwera, a Gwaza, yabwera, tulukani makoma asanagwe.

Kheni yoyamba inatha. Yachiwiri ili pakati, chingwe chinagwedezeka. Kamodzi, kawiri, katatu. Ndinataya kheni, ndinakankha lata, ndinagwira mtanda. Anali opepuka ngati mwana. Ndinapukusa ndikulira, ndikuseka, ndikutchula Mulungu. Mutu wawo unayamba kuoneka, wotuwa, tsitsi lodzaza mchenga. Panatsala mamita atatu okha. Ndiye anakweza nkhope, maso atatsinzina chifukwa cha kuwala, ndipo anaona kumwamba kuli mbee. Anaona kheni itagona pamphepete pa dzenje, ikudontha.

Anaponda m'kapondero, nagwira khoma, chingwe chinalephera kuyenda.

"Nawenso, Nankhoma?"

"A Gwaza, ndakupemphani, kwatsala pang'ono. Gwirani dzanja langa."

"Anthu onse angandinamize. Koma wa pachingwe?"

Anamasula mfundo m'chiuno mwawo ine ndikuona. Anatsika okha, kapondero ndi kapondero, osafulumira, mpaka mdima unawameza. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

Mvula yeniyeni inabwera patapita masiku awiri, Lachisanu, cha m'ma 3 koloko masana. Kunayamba mphepo yonyamula madenga, kenako kunada ngati madzulo, kenako inakhuthuka. Ana a m'mudzi anatuluka akuvina. Ine ndinagwada pakamwa pa dzenje, madzi akuyenderera m'mbali mwa mawondo anga n'kumagwera mkati, ofiira ndi dothi. Ndinayesa kutchinga ndi manja, ndi fosholo, ndi chitenje changa. Ndinafuula kuti yabwera, ulendo uno ndi yeniyeni.

Mawu anabwera kuchokera m'phanga muja, odekha.

"Ika kheniyo pansi, Nankhoma. Ukutha madzi akumwa."

Ndinalumbira pa mayi anga amene ali kumanda. Ndinatola matalala m'manja n'kuwaika m'ndowa, ndi masamba a mtondo othyoka ndi mphepo, ndi ngumbi zimene zinali zitayamba kuuluka, ndinawatsitsira kuti aone. Ndowa inafika pansi, sanaikhudze. Bingu linagunda moti nthaka inanjenjemera, ndinati mwamva kodi, kheni imachita bingu? Anati mabingu akhala akuwamva mwezi wathunthu.

Ndinamanga chingwe pamtanda, ndinayamba kutsika ndekha, ine amene m'zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sindinalowepo m'dzenje. Timapondero tinali titasanduka phala. Madzi ankandimenya pamutu, dothi likundilowa m'maso. Ndinatsika mwina mamita anayi. Ndiye kudambo kunayamba kulira achule, onse pamodzi, aang'ono ndi aakulu, ndipo pansi pa phokoso lonselo panali kubuula kwa thesi, kuja kokhala ngati ng'ombe ili kutali. Ndili pachingwepo ndinamva kubuula komweko kukuyankha kuchokera pansi pa mapazi anga. Sanali mawu amodzi. Anali ambiri, ochokera m'makoma monse, ndipo pakati pawo panali amodzi amene ndinawadziwa.

Ndinaitana dzina lawo lenileni, Laitoni, limene sindinawatchulepo chikwatirane. Kubuulako kunaleka. Ndinamva ngati munthu akusuntha, ngati akufuna kusuzumira. Mwina ndinangoganiza. Nthawi yomweyo khoma la mbali ya phanga linatsetsereka lonse, mopanda phokoso lalikulu, ngati ufa ukukhuthuka m'thumba. Mpweya wofunda unandiwomba kuchokera pansi. Nditayang'ana, pansi pa dzenje panali patafika pafupi ndi mapazi anga, posalala, madzi akuyamba kusonkhanapo. Mmene ndinatulukira sindikumbuka. Amayi anzanga amati anandipeza ndikukumba matope ndi manja.

Mvula inagwa masiku atatu osakata. Itakata, amuna aja a misana yopweteka anabwera ndi makasu, poti tsopano inali nkhani ya maliro ndipo maliro sathawa. Anakumba sabata yathunthu, akutchinga makoma ndi mitengo. Anapeza piki. Anapeza fosholo, ndowa, botolo. Phangalo analipezanso, losagumuka, mkati mosalala ngati mwa mtsuko, mokwana munthu wodzipinda. Munali chikhungu chouma, chachikulu, chosang'ambika paliponse. Amene anachigwira anati chinali chopepuka ndipo munalibe kanthu. Kumbuyo kwa phangalo mchenga unali wofewa, wolowera pansi. Palibe amene anafuna kukumba kupitirira pamenepo, ndipo anakwirira dzenje lonse tsiku lomwelo.

Manda kulibe. Akuchimuna anati sangamete maliro a munthu amene sanamuike, ndipo sangandisudzule poti palibe amene anaona mtembo. Choncho sindine wamasiye, sindinenso wapabanja. Mchemwali wanga wa ku Balaka wandiitana kangapo kuti ndikakhale naye. Ndinafika mpaka pokwerera basi kamodzi, katundu ali pamutu, koma kumapiri kunali kamtambo, ndipo ndinabwerera.

Chifukwa anandiuza kuti ikabwera ndiwauze. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa, kaya ndili kumunda, kaya ndikudwala, ndimapita kuseri kwa nyumba. Pamalopo pamachita kadziwe, ndipo achule amadzaza pamenepo kuposa kudambo. Ndimagwada m'matopemo, manja onse awiri ndimawatambasula kuti aone kuti sindinanyamule kanthu, n'kuika pakamwa pafupi ndi dothi. Ndimati, "A Gwaza, ndine Nankhoma. Yabwera. Ndi yeniyeni."

Achule onse amakhala chete ndikamayankhula, ngati akumvetsera nawo yankho. Ndimadikira mpaka kuzizira kundilowe m'mafupa. Chaka chino chikhala chachisanu ndi chinayi, ndipo sanandikhulupirirebe.